Wosoka Fodya m'Chigafa cha a Mphepo

Pa zaka zanga zonse za upolisi, munthu amene anabwera kudzadandaula kuti sakuberedwa ndi mmodzi yekha, a Mphepo, mlimi wa fodya wa kufupi ndi Santhe.

Linali Lachinayi madzulo, mwezi wa Malichi, nyengo imene ngakhale malaya ako amanunkha fodya. Ndinali nditavula nsapato pansi pa tebulo, ndikudya chimanga chootcha, mtima uli m'malo. A Mphepo analowa chipewa chili m'manja.

"A Sajeni, m'chigafa mwanga mukumalowa munthu usiku."

"Waba fodya wochuluka bwanji?"

"Sakuba ayi. Akusoka."

Ndinaseka. Ndinati munthu woteroyo munditumizire kwanga azikandichapira. Iwo sanaseke. Anati masamba amene matenanti awo amasiya pansi dzuwa likalowa, m'mawa amawapeza atasokedwa bwinobwino, ali pa mikangala, mitengo ija yopachikira fodya. Masiku anayi otsatizana. Mudzi unali utagamula kale kuti a Mphepo ali ndi ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga kuti aziwagwirira ntchito. Tsono anyamata anapangana kuti usiku umenewo chinthucho chikangolowa, atentha chigafa pamodzi ndi chimene chili m'katimo.

Kuseka kunandithera. Ndinavala nsapato.

Tinafika ku chigafako pa njinga yamoto ya a Mphepo kusanaderetu. Ndinayamba ndayang'ana pansi. Panali mapazi ang'onoang'ono opanda nsapato, ndipo pambali pake timaenje ta ndodo yoyendera. Pa tsamba lina panali dontho la magazi ouma. Mzukwa woyenda ndi ndodo, wodzibaya ndi singano, ine sindinaumvepo. Ameneyu anali munthu, ndipo anthu amapsa.

Anyamatawo anali pansi pa mtengo wa mango, okwana makumi awiri. Mtsogoleri wawo anali Lemani wa kabaza, botolo la petulo lili m'manja. Kumumanga ndikanatha. Koma ndinali ndekha, ndipo ukamanga mmodzi botolo limangosintha dzanja.

"Achimwene," ndinatero mokweza kuti onse amve, "ndikufuna mboni imodzi yolimba mtima yoti tikadikire limodzi m'katimu. Amantha atsale kuno."

Pamaso pa anzake sakanakana. Petulo uja ndinati m'chigafa salowa, ndipo tinamuthira mu njinga ya a Mphepo. Enawo ndinawauza kuti asasunthe mpaka Lemani atawaitana yekha.

Tinakhala kuseri kwa mulu wa masamba, tochi ili yozima. Pamwamba pathu fodya wouma ankachita phokoso ngati anthu onong'onezana. Kumudzi kunkamveka mbale zikutsukidwa. Kenako wailesi ya munthu wina inazima. Agalu nawo anangoti zii.

Itangokwana eyiti koloko tinamva ndodo. Go. Kenako mapazi okwakwaza. Go.

Chinthu chinatulukira kuchokera m'munda, chachifupi, chofunda nsalu yoyera mpaka kumutu. Chinadutsa pafupi nafe kwambiri moti ndinamva fungo la utsi ndi sopo. Chinakhala pansi, n'kusolola singano pa duku, n'kuyamba kusoka. Mumdima umenewo ine dzanja langa lomwe sindinkaliona bwino, koma singano ija sinkaphonya. Lemani, mboni yanga yolimba mtima, anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

Mkangala unadzaza. Mawu a mayi wokalamba anamveka.

"A Prosper, landirani."

Anaukweza m'mwamba ndi manja awiri, n'kuusiya.

Ndinadikira kuti ugwe. Sunagwe. Pamwamba, pafupi ndi denga, mtengo unalira ngati waponderezedwa ndi phazi.

Ndinachita mantha, sindibisa. Chala changa chinali kale pa tochi. Koma panja panali anthu pafupifupi makumi awiri odikira mfuu imodzi yokha, ndipo machesi aliyense anali nawo m'thumba. Ndinalankhula monga ndimalankhulira ndi mayi anga.

"Odi kuno, agogo. Tikuthandizeni?"

"Mwachedwatu inu," anayankha osatembenuka. "Kapitawo akapeza masamba ali pansi atidula chimanga cha sabata ino. Patseni kuno."

Ndinakhala pambali pawo n'kumawapatsira masamba. Ndinafunsa dzina. Anati ndi Feggie wa ku Phalombe, nyumba yachitatu pa mzere wa matenanti. Nyumba zimenezo zinagwa kalekale. Esiteti yakale itatsekedwa, malowo ndi amene anagula a Mphepo.

Lemani anasendera pafupi, akupumira m'mwamba. "A Sajeni, awa ndi mayi ake a Lefina wa tomato uja, wa kutsidya kwa dambo. Mutu unawasokonekera. Ine ndimawanyamula popita ku chipatala."

"Pitani mukawauze anzanu. Akamva kwa inu akhulupirira."

Anapita akuthamanga. Ine ndinauza agogo kuti kapitawo wanena kuti lero tiweruke. Anabaya singano pa duku, n'kutola ndodo yawo, n'kundigwira dzanja. Potuluka sindinayang'ane m'mwamba.

Anyamata aja atawaona anangoti kukamwa yasa. Wina anavula jekete n'kuwafunditsa, wina anathamanga kukaitana Lefina. Iye anafika chitenje chili m'manja, akulira. Anati mayi ake amaiwala ngakhale dzina la mwana wawo, koma nyengo ya fodya ikafika manja awo sakhala chete. Iye akangogona ndi kutopa, iwo amatuluka.

"Nanga a Prosper ndani?" ndinafunsa.

"Bambo anga. Anamwalira zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Amayi ankasoka, iwo ankakwera kukapachika."

Usiku umenewo sindinamange munthu. Tinagwirizana kuti a Mphepo azitumiza masamba pa ngolo m'mawa uliwonse ku khonde la Lefina, agogo azisoka masana kuti usiku azigona. Fodya akatha, aziwapatsa chimanga chotonola. A Mphepo anavomera mosangalala, poti dzina lawo linayera, ndiponso msoki wotero sapezeka wamba.

M'mawa ndinabwerera ku chigafa ndekha. Mkangala uja ndinaupeza pa mzere wapamwamba penipeni, pamene mwamuna wamphamvu amafika atakwera. Unali utakhala bwino, motalikirana ndi inzake monga mwa lamulo lake. Matenanti onse anakana kuti sanaukhudze. Lemani amati iye sanaone kanthu chifukwa anali atatsinzina. Mu lipoti ndinalemba kuti m'chigafa ndinapezamo munthu mmodzi, wamoyo, ndipo ndinamubweza kwawo ali bwino. Zimenezo ndi zoona, ndipo ndimanyadira nazo mpaka lero.

Azimayi a pa mjigo ali ndi lipoti lawo. Amanong'ona kuti a Prosper anali mwamuna wabwino, sakanalola mkazi wawo kugwira ntchito yekha mumdima.

Ndikamadutsa kutsidya kwa dambo nthawi ya fodya ndimawaona agogo Feggie pa khonde, miyendo atatambasula, akusoka uku akuimba pansipansi. Ananenepako. Mkangala ukadzaza amaukweza m'mwamba ndi manja awiri, ndipo Lefina amasiya chilichonse chimene akuchita, ngakhale mphika uli pamoto, n'kuthamanga kukaulandira. Anandiuza yekha kuti safuna kudzaona amene angaulandire iye atachedwa.