Thumba la Diresi Langa

Ndili mwana, ankanditcha Kamoto.
Sindinkachedwa kupsa mtima.
Sabata ina ndinkafuna chinthu chimodzi.
Ndinkafuna diresi latsopano.
Lamulungu ndinkakayimba kutsogolo kutchalitchi.

Bambo anga anali telala.
Ankasokera pakhonde la nyumba yathu.
Makina awo anali akuda, opalasa ndi mapazi.
Ankalira kuti, "Tchaka-tchaka-tchaka!"
Mpaka lero ndimawamvabe m'makutu.

Loweruka m'mawa, bambo anatenga nsalu yanga.
Inali yachikasu, ya timaluwa toyera.
Ine ndinakhala pambali pawo.
Ndinkangomwetulira ndekha.

Mwadzidzidzi singano inathyoka.
Bambo anaika ina.
Kenako ulusi unapiringizika.
Bambo anaumasula pang'onopang'ono.
Kenako lamba wa makina anaduka.
Makina anangoti zii.

Nthawi yomweyo panafika dalaivala wa basi.
Anali ndi buluku m'manja.
Nkhope yake inali yolusa.

"A telala, n'chiyani ichi?" anakuwa dalaivala. "Buluku lalifupi chonchi? Mukufuna ndizioneka ngati mwana wasukulu?"

Anakuwa, n'kukuwanso.
Anthu anayamba kusuzumira m'mawindo.
Ine ndinachita manyazi.
Bambo anatenga bulukulo, n'kuliyang'ana.

"Pepani, achimwene," anatero bambo. "Ndinalakwitsa ndine. Khalani apa, ndilikonze."

Bambo anaika pambali nsalu yanga.
Anamasula mpendero wa buluku.
Anausokanso ndi manja.
Dalaivala anayesa buluku, ndipo linamukwana.

"Zikomo, a telala," anatero motsitsa mawu. "Pepani, ndinakweza mawu."

Atapita, ndinayang'ana nsalu yanga.
Patebulo panalibe!
Ndinasuzumira kunsi kwa tebulo.
Kunali mlongo wanga wamng'ono.
Dzanja ili, sizasi.
Dzanja ili, nsalu yanga.
Pansalu panali chibowo chachikulu!

Mtima wanga unati phwii!
Ndinamukoka mkono.
Ndinakweza dzanja kuti ndimumenye.
Iye anatsinzina.

"Kamoto," anaitana bambo mwakachetechete.

Dzanja langa linaima m'mwamba.

"Ababa, wandiwonongera diresi!" ndinatero. "Inu simupsa mtima?"

"Ndimapsa, mwanawe," anayankha bambo. "Lero lokha ndapsa kanayi."

"Ndiye mumatani?"

"Ndimapemphera chamumtima. Ndimati, Yesu, ndigwireni pakamwa. Yesu, ndigwireni manja."

Ndinayang'ana mlongo wanga.

Ndinapemphera chamumtima.
"Yesu, ndigwireni pakamwa. Yesu, ndigwireni manja."

Mtima unkawawabe.
Misozi inkatsikabe.
Koma dzanja langa linatsika.

"Pepani, achemwali," anatero mlongo wanga. "Ndimafuna ndikhale telala."

"Ndakukhululukira," ndinatero. "Koma usadzayambirenso."

Ndinapukuta misozi yanga.
Ndinapukutanso misozi yake.
Kenako ndinaona kansalu kofiira pansi.

"Ababa, bwanji titseke bowoli ndi thumba?" ndinafunsa.

"Eya!" anatero bambo. "Telala weniweni ndi ameneyu!"

Makina anali akadali zii.
Choncho tinasoka ndi manja.
Bambo anasoka mikono.
Amayi anabwera, n'kusoka mpendero.
Ine ndinasoka thumba.
Singano inandibaya kawiri.
Mlongo wanga anatigwirira ulusi.
Sizasi sitinamupatsenso!

Dzuwa lisanalowe, diresi linatha.
Mkono wina unatalikirapo pang'ono.
Thumba linapendekeka pang'ono.
Koma ine ndinalikonda kwambiri.

Lamulungu ndinaima kutsogolo.

Ndinapisa dzanja m'thumba langa.
Ndinayimba nyimbo yonse osalakwitsa.

Nditamaliza, m'tchalitchi munati zii.
Pamenepo mlongo wanga anaimirira pabenchi.

"Onani thumba la achemwali!" anakuwa. "Anabowola pamenepo ndine!"

Anthu onse anaseka.
Abusa anaseka.
Amayi anabisa nkhope m'manja.
Bambo anaseka mpaka misozi.

Pobwerera kunyumba, ndinamubereka mlongo wanga.
Anagona pamsana panga njira yonse.