Maliro Achiwiri a Lufeyo

Dzuwa likangolowa, khoma la pabalaza pa Esinati Nankhoma linkawala lokha, ndipo mwamuna wake Lufeyo, yemwe anamuika m'manda ku Chilobwe zaka zingapo m'mbuyomo, ankatulukira akutsokomola monga ankachitira ali moyo.

"Mwaswera bwanji, bambo?" Esinati ankatero uku akukoka mpando.

Lufeyo sankayankha. Ankakhala pa benchi yake, n'kutola nsapato yong'ambika, n'kuyamba kukangana ndi makasitomala, poti m'sewero la Mpanda Wagwa iye anali Mandevu, mdala wosoka nsapato. Koma Esinati analibe nazo ntchito zoti sakuyankhidwa. Ankamuuza za denga lodontha, za mwendo wake wotupa, ndiponso ankamukumbutsa mawu amene ankakonda kumuuza akamuona akupiringizika ndi ntchito: "Khala pansi, wanga, dziko silithawa." Mawu amenewa Lufeyo sanawanenepo pa kanema. Anali a m'nyumba mwawo basi.

M'zaka zimenezo masewero a pa kanema sankalembedwanso ndi anthu. Ankawapanga ndi makina otchedwa Mlukankhani. Wosewera ankapita kamodzi kokha ku kampani kukajambulitsa nkhope, mawu, kayendedwe, ngakhale katsokomoledwe, ndipo zonsezo zinkasungidwa m'nkhokwe ya nkhope. Kuyambira pamenepo makinawo ankamuseweretsa tsiku ndi tsiku, kaya ali moyo kaya anatsikira kuli chete. Khoma lililonse la kanema linalinso ndi kakhutu, kachitsulo kochepa ngati njere ya nyemba. M'nyumba, m'masaluni, m'maminibasi oyenda opanda dalaivala, tizikhutu timeneti tinkatola zimene anthu akunena za masewerowo, ndipo Mlukankhani ankaluka gawo la mawa motsatira pakamwa pa anthu. A kampani ankati amenewo ndiwo ufulu wa oonera. Kunena zoona, inali miseche yolumikizidwa ku magetsi.

Tsono ku Chilobwe kunali mwamuna wina wometa tsitsi, dzina lake Fakisoni, mnzake wa malemu Lufeyo kuyambira paunyamata. Maloboti ankameta bwino kuposa iye, osasiya ndi bala lomwe, koma benchi yake sinkasowa anthu chifukwa loboti ilibe nkhani. Fakisoni ankaonera chilichonse chotuluka pa kanema, ndipo palibe chinkamukhutiritsa.

"Filimu ija ya asilikali a ku Mars mwaionera?" anafunsa tsiku lina akumeta mphunzitsi wina. "Kutaya nthawi! Anthu kuwomberana kuchokera poyamba mpaka pomaliza, palibe ndi mmodzi yemwe wopempha madzi akumwa."

"Nanga ija ya loboti yofunsira mbeta?" wina pa benchi anafunsa.

"Ija ndiye yabwinoko, koma mathero ake ndi ozizira ngati phala la dzulo."

"Mpanda Wagwa bwanji?"

"Aa, limenelo lakalamba, achimwene. Makamaka mdala wa nsapato uja. Kutsokomola basi, khoso khoso! Angofa uja, tipumeko."

Benchi yonse inafa ndi phwete. Ndiye mukudziwa mmene alili munthu wokonda kusekedwa: nthabwala ikagwira saisiya. Fakisoni anaibwereza kwa aliyense wobwera kudzametetsa, ndipo ometedwawo anaitengera m'maminibasi, kumpira ndi kumowa. Kakhutu ka pa khoma la m'shopu yake kankangomva, osaseka nawo.

Madzulo ena Esinati anakoka mpando monga mwa masiku onse. Mandevu anatsokomola, n'kutsokomolanso, kenako anagwa chafufumimba pa mulu wa nsapato. Esinati anakuwa mpaka oyandikana naye anathamangira kumeneko, ena opanda nsapato. Mawa lake anamuonerera mwamuna wake akuikidwa m'manda kachiwiri, mwachidule, pakati pa malonda a sopo ndi a batire. Amayi a kwaya ya kutchalitchi kwawo anabwera n'kukhala pa mkeka, osadziwa kuti apepese kapena angokhala chete. Mmodzi wa iwo, Nasibeko, amene nkhani siinkagona m'mimba mwake, ndiye anaulula kumene mawu aja anayambira.

Esinati anamanga chitenje, ulendo wa kwa Fakisoni.

"Alamu, mwandiphera mwamuna."

Fakisoni anazimitsa makina ometera. "Aa, alamu, inetu ndimangocheza. Lufeyo anali mnzanga wapamtima, bokosi lake ndinanyamula nawo."

"Ndiye munaona kuti munyamule kawiri?"

"Munthu anapita kalekale, alamu. Chija chinali chithunzi. Ndi sewero chabe."

"Chithunzi chimenecho chimanditsokomolera ine madzulo alionse. Inu muli ndi anthu pa benchi panu, ine ndinali ndi khoma."

Wina pa benchi anaseka chamumtima, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kunamaliza zonse. Esinati anatuluka misozi itauma, mtima uli ngati mbaula. Ku kampani anapitako, koma anangopeza mawu a makina omwe anamuuza mwaulemu kuti nkhope ya Lufeyo ili bwinobwino m'nkhokwe, ndipo idzatulukanso nkhani ikadzaifuna. Anabwerera kunyumba akulankhula yekha mumsewu. Mlandu suwola, ndipo iye analumbira kuti Fakisoni adzalira monga walirira iye.

Sanachedwe kupeza pomenya. Fakisoni anali ndi mwana mmodzi yekha, Ndaziona, mtsikana waulemu amene anali atangojambulitsa nkhope yake. Mlukankhani anamuika m'sewero latsopano lotchedwa Mgodi wa ku Mwezi, momwe anali namwino wosamalira anthu okumba miyala kumwambako. Ili lokha ndi sewero limene Fakisoni sankalipezera chifukwa. Ankati ngakhale fumbi la m'menemo ndi lokongola. Chinkhoswe cha Ndaziona ndi mnyamata wina wokonza ndege chinalinso pafupi.

Kwaya itatha kuphunzira nyimbo, Esinati anawakhazika anzake pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi.

"Amayi anzanga, pakamwa pa Fakisoni pandiphera mwamuna. Ifenso pakamwa tili napo."

"Tinene chiyani?" anafunsa Nasibeko, maso akuwala kale.

Apa ndi pamene analakwitsa. Akanati namwino uja ndi wotopetsa, makina akanangomuchotsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kwathu kuno mtsikana wokongola akalakwiridwa kapena akalakwa, mpeni umene amamutengera ndi umodzi wokha.

"Muzinena kuti ali ndi maso a wolanda amuna a eni," anatero Esinati.

Ntchito inayamba, ndipo anaigwira mwakhama kuposa kuimba. Ku saluni, kuchigayo, pophika pa maliro, paliponse pamene panali khoma la kanema, mayi wina ankausa moyo n'kunena ngati akungocheza: "Sewero la ku Mwezi lija ndi labwino, koma namwino uja, mmm. Mwaona mmene amayang'anira amuna a eni?" Ena amene sankadziwa kalikonse anayamba kuvomereza, poti chinthu ukauzidwa umachiona ndithu. Esinati naye madzulo alionse ankaima pamaso pa kakhutu ka m'nyumba mwake n'kutsanulira ukali wake wonse: "Ndaziona alire. Andibwezere Lufeyo wanga. Ndaziona, Lufeyo wanga!"

Mlukankhani anamva. Namwino uja anayamba kuchedwa pa bedi la odwala okwatira, kuseka nawo mopitirira, kubisa mafoni a akazi awo ochokera kudziko. Oonera anatekeseka, ndipo anthu athu sasiyanitsa nkhope ndi mwini wake. Ndaziona weniweni, amene ku Mwezi sanapondeko, anayamba kutsonyedwa mumsika. Mayi wina wogulitsa tomato anamulanda mbale, ati sagulitsa kwa mahule. Kenako ankhoswe a kuchimuna anatumiza mawu kuti chinkhoswe chiyambe chaima, akufuna aganize bwino.

Esinati anasangalala, tisabise. Ananenepa ndithu. Ankachita kudutsira dala pa shopu ya Fakisoni n'kusuzumira pakhomo: "Filimu yabwino ndi iti masiku ano, alamu?" Fakisoni ankangowerama n'kupitiriza kumeta.

Masana ena anabwera yekha kunyumba kwa Esinati, chipewa chili m'manja, n'kunjuta pakhonde.

"Alamu, wolakwa ndine. Mwanayu walakwanji? Sakudya, sakutuluka m'nyumba. Auzeni amayi aja asiye, chonde."

Esinati anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo anamva kukoma ngati wamwa madzi ozizira m'mwezi wa Okutobala.

"Ndi sewero chabe, alamu," anatero. "Chithunzi."

Anatseka chitseko. Koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Dziko lonse linali likufunsa funso limodzi: namwinoyu alanda mwamuna wa yani? Mlukankhani ankafuna mwamuna woti kulandidwa kwake kuwawe, ndipo anafufuza m'zonse zimene tizikhutu tinatola kuti apeze dzina lotchulidwa kawirikawiri limodzi ndi la Ndaziona. Makina sadziwa temberero, sadziwa pemphero. Amangodziwa kuti mayina awiri awa amayendera limodzi.

Madzulo amenewo Esinati anakhala pa mpando kuti aonere mdani wake akunyozeka. Chombo chochokera kudziko chinatera pa mgodi, fumbi loyera n'kubuka. Chitseko chinatseguka, ndipo munatsika mwamuna wovala chisoti chagalasi. Atachivula, anatsokomola.

"Mayo ine! Bambo!" Esinati anagwada pansi, n'kululutira yekha m'nyumba. Anali Lufeyo, wopanda imvi, wowongoka msana, ngati tsiku limene anabwera kudzamufunsira. Nkhani inali itamufuna, monga ananenera makina aja.

Kenako namwino anabwera kudzamuyeza. Ankapiringizika ndi mabotolo a mankhwala. Lufeyo anamugwira dzanja mofatsa, n'kumulozera pa windo pamene dziko lathu linkaoneka litalenjekeka mumdima ngati lalanje laliwisi.

"Khala pansi, wanga," anatero. "Dziko silithawa."

Nthungululu inamuthera pakhosi Esinati. Mawu aja anawapereka yekha, madzulo ndi madzulo, kwa kakhutu kamene ankakaiwala kuti kalipo. Tsopano anali a dziko lonse, ndipo mawa lake anyamata ankawanena kwa atsikana m'maminibasi.

Esinati anathamangira kwa amayi a kwaya. "Sinthani nkhani! Muzinena kuti awiriwa sakuyenerana."

"Tayesa kale, mayi," anatero Nasibeko akuyang'ana kumbali. "Koma ife ndife angati? Anthu akuti chiyambire kanema sipanakhale sewero lokoma chonchi." "Komanso kunena zoona, amakhalana awiri aja."

Sewerolo linakula ngati moto wa m'tchire. Gawo lililonse Lufeyo ankasisita tsitsi la namwino, kumuimbira, kumulonjeza kuti mkazi amene anamusiya kudziko amulembera mawu omusudzula. Esinati akanatha kuzimitsa khoma, batani lake linali pafupi ndi chitseko. Koma dzuwa likalowa miyendo inkamutengera yokha pa mpando uja, poti mwamuna wako ndi wako ngakhale ali m'manja mwa wina.

Pomaliza anapita kwa Fakisoni. Anapeza benchi ili mbee, poti wometa wopanda nkhani saposa loboti. Ndaziona anali atapita kwa azakhali ake ku Mwanza, kumene ankayenda atafunda mpango kumaso.

"Alamu," Esinati anayamba, "mumuphenso Lufeyo."

Fakisoni anamuyang'ana. Sanaseke, sanakalipe.

"Ndinene kwa yani, alamu? Onani benchi."

Anamusendezera malo, ndipo Esinati anakhala. Dzuwa linali likulowa, khoma la m'shopu linawala lokha. Anaonera limodzi mwakachetechete, wina mwana wake, wina mwamuna wake, akupsompsonana kumwamba kumene palibe mmodzi wa iwo akanafika kukawaleretsa. Gawolo litatha, Esinati anaimirira, n'kuyandikira kakhutu kaja mpaka milomo kutsala pang'ono kukakhudza.

"Angofa uja," ananong'ona, misozi ikutsika. "Angofa, tipumeko."

Kakhutu kanamva, monga kankamvera aliyense, n'kuponya mawu akewo m'nyanja ya anthu ofuula kuti sewero lipitirire. Mlukankhani sanapekepo bodza ndi limodzi lomwe. Ankangotiphikira zimene tatola tokha ndi pakamwa, ndipo mbale yake sinkalumpha wotola.