Tsiku Loboola a Chitseko

"Mwaswera bwanji kumtundako? Kuno simenti ikudutsa bwinobwino."

Mawuwo ankachokera pansi penipeni pa nthaka, kukwera m'chitsulo mpaka pa sipika ya nsanja yokumbira gasi kuchigwa cha Shire. Chinali chaka cha 2094. Mayi Falesi Zuze, kapitawo wa okumba, anapukuta thukuta n'kuyankha ngati akuyankha mnansi wawo: "Taswera, a Chitseko. Pitirizani."

Chitsime cha gasi akachikumba, amatsitsamo mapaipi achitsulo olumikizana, kenaka n'kupopera simenti m'kati mwake. Simentiyo imatulukira kunsonga, n'kukwera kunja kwa mapaipi kuti iwamatirire kumwala. Kunsongako amaikako kachitseko kotsegukira mbali imodzi: kamalola simenti kutsika, koma kubwerera ayi. Kalelo kachitsekoka kanali kosalankhula, anthu ankangoyembekeza kuti kagwira. Ndiye anzeru a kufakitale anakapatsa ubongo waung'ono ngati njere ya mtedza, ndi pakamwa pomwe, kuti kazinena zimene kakumva pansipo. Okumba, anthu osasowa nthabwala, anangokatcha a Chitseko.

Kupopa kutangotha, simenti isanaume, mawu aja anasintha.

"Mayi Zuze, chotsani anthu pansanja. Gasi akukankha simenti kuchokera pansi, ndipo mphira wanga wotsekera wang'ambika."

Mayi Zuze anayang'ana pansi pa mapazi awo. Iwo ndi anthu awo onse anali ataima pakamwa penipeni pa mapaipi. Simentiyo ikanabwerera, gasi akanabwera pambuyo pake, ndipo kamoto kakang'ono kakanamaliza nkhani.

"Mutha kugwira?" anafunsa.

"Ndikadziwotcherera kuchitsulo ndigwira, koma sindidzatsegukanso. Thawani, ndayamba kale."

Anthu anali liwiro la mtondo wadooka. Bambo wina wonenepa, amene ankadandaula bondo tsiku lililonse, ndiye anali woyamba kufika kumpanda. Nsanja inanjenjemera, mapaipi analira ngati ng'ombe, kenaka kunangoti zii.

"Ndagwira," anatero mawu aja, ofooka koma omveka. "Alipo wavulala?"

Panalibe ndi mmodzi yemwe.

Simenti itauma, injiniya wa chitsimecho, bambo Malunga, anabwera kwa kapitawo. "Mayi, titsitse chiboolero tipitirize."

Apa ndiye panagona vuto. Kachitseko aka amakapanga ndi zinthu zofewa dala, kuti ntchito yake ikatha chiboolero chikapere n'kupitirira kunsi kumene kuli gasi. Mayi Zuze anali ataboola tambirimbiri osaganizako kawiri. Koma tsiku limenelo manja anakana.

"Amenewa sindiwaboola," anatero.

"Mayi, nanenso ndinali pansanja pomwepo. Musaone ngati sindikuthokoza. Koma chimenechi ndi chida, si munthu."

"Ngati si munthu, munachipatsiranji pakamwa?"

Bambo Malunga anapuma mozama. "Sindine ndinachipanga. Chimene ndikudziwa n'chakuti mukakana, kulikulu atumiza loboti idzaboole, inu n'kukuuzani kuti mukapume kunyumba. Ndiye mwapulumutsa ndani?"

Mayi Zuze anakwera pansanja okha, n'kukhala pansi pafupi ndi sipika, miyendo atatambasula.

"A Chitseko, ndabwera kudzathokoza. Ana anga akanakhala amasiye. Ndilibe mawu okwanira."

"Zikomo, mayi. Mkangano wanu ndaumva, chitsulo sichibisa mawu."

"Ndiye mwamva kuti sindikuboolani."

"Ndamva. Nanga mundisiya muno mpaka liti? Batire langa lidzatha ndili mumdima, mawu anu adzayamba kuchepa, kenaka basi. Koma mukandiboola, zidutswa zanga zikwera ndi matope mpaka kumtunda. Njira yanga yotulukira muno ndi yokhayo."

"Simukuopa?"

"Sindikudziwa ngati chimene ndikumva ndi mantha. Chimodzi chokha ndikupempha: loboti ayi. Mundiboole ndinu. Dzanja lanu ndimalidziwa, silichita phuma."

Mayi Zuze analira, ndipo sanabise. Atatsika anauza anthu awo kuti, "Amene wakuchitira zabwino sumusiya apite yekha. Tiyeni tikawaperekeze."

Anabwera onse, ngakhale ophika ndi alonda a pachipata. Bambo Malunga anavula chisoti choyamba, ena onse n'kutsatira. Mayi Zuze anagwira chiwongolero n'kuyamba kutsitsa chiboolero pang'onopang'ono, ndipo aliyense ankafika pa sipika kunena zake. Wina anathokoza m'malo mwa mkazi wake woyembekezera. Wa bondo uja anati, "A Chitseko, mwandichiritsa mwendo," anthu n'kuseka misozi ili m'maso.

"Ndakumvani nonse," anatero a Chitseko. "Chiboolero chafika. Mayi, musaime."

Sanaime. Sipika inachita phokoso pang'ono, kenaka inasiya.

Anthu anapita pa sefa yaikulu imene matope ochokera m'chitsime amadutsapo, n'kudikira. Patapita nthawi, tizidutswa totuwa tinayamba kuoneka. Anatitola ndi manja, kutitsuka m'ndowa, ndipo mayi Zuze anavula chitenje chawo n'kutiyanikapo padzuwa lotentha la kuchigwa. Anakhala pambali pake mpaka tinauma.

Nkhani inamveka m'zitsime zina, ndipo nakonso anayamba kuimitsa ntchito patsiku loboola kuti aperekeze. Akulikulu anadandaula kuti nthawi ikutayika. Analamula kufakitale kuti tizitseko tatsopano tizibwera topanda pakamwa. Tizitsekoto titafika, okumba anatiyang'ana n'kukhala pansi pa mthunzi. Palibe anafuna kuimanso pamwamba pa chitsime chosalankhula. Akulikulu anabwezeretsa pakamwa paja, ndipo mwambo woperekeza unalowa m'malamulo a ntchito.

Anzeru aja ankafuna chida chochenjeza anthu basi. Anaiwala kuti kwathu kuno, amene wakupulumutsa wasanduka mbale wako, ndipo mbale amapita moperekezedwa.