Atate Azula Kaloti wa Kanyerere

Kanyerere ndi mtsikana wosakhala pansi. N'chifukwa chake kwawo amamutchula Kanyerere. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna bedi lakelake m'dimba.

Kuzizira kutatha, Atate anamupatsa bedi. Anamupatsanso mbewu za kaloti.

"Ufese pang'onopang'ono," anatero Atate.

Koma Kanyerere anafesa zonse. Anakutumula ndi kapepala komwe.

M'mawa ankathirira. Madzulo ankathirira. Amayi ankamuyang'ana pawindo, khanda lili kumsana.

"Vala nsapato, m'menemo muli minga," ankatero Amayi.

Timbewu tinamera. Tinamera tambirimbiri. Tinathinana ngati tsitsi la m'mutu. Kanyerere ankatipatsa moni tsiku lililonse.

Tsiku lina anapita ndi ndowa yake. Atafika pampanda, anaima. Anangoti kakasi.

Atate anali atagwada pabedi lake. Ankazula kambewu n'kuponya pambali. Ankazula kena n'kuponya pambali.

Ndowa inagwa pansi, khuu. Madzi anamutayikira m'mapazi. Kanyerere anathamangira kunyumba.

"Amayi, bwerani msanga. Atate akupha kaloti wanga."

Amayi anadzidzimuka. "Wavulala? Chakuluma n'chiyani? Ndione mwendowo."

"Si ine ayi. Ndi kaloti."

Anathamangira kudimba onse awiri. Pambali pa bedi panali kamulu ka timbewu. Amayi anagwira pakamwa. Iwo anakulira m'tauni. Za dimba sankazidziwa.

"Bambo a Kanyerere, mwatani kodi?" anafunsa Amayi. "Mwanayu wathirira mpaka matuza m'manja."

"Sindikupha ayi," anatero Atate. "Ndikupatulira. Timbewuti tathinana kwambiri."

Kanyerere sanamvetse. Anatola kambewu kamodzi. Muzu wake unali ngati ulusi. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Atate anakatenga kampando kakang'ono.

"Khala apa, mwanawe."

Kanyerere anakhala.

"Mayi ake, nanunso khalani."

"Pomwepa? Kathyoka kampandoka," anatero Amayi. Koma anakhala, khanda lili m'manja.

Atate nawonso anakhala. Kanyerere anali pakati. Uku Amayi, uku Atate.

"Mwandipana," anatero Kanyerere.

"Tatambasula manja tione," anatero Atate.

"Sindingathe."

"Tanenepa pang'ono."

"Ndinenepere kuti? Malo palibe."

"Nanga kaloti wako anenepere kuti?"

Kanyerere anayang'ana bedi lake. Anayang'ananso Atate. Kenako anadzisolola pakampando.

"Ndizula ndekha," anatero. "Inu manja anu ndi aakulu."

"Chabwino. Uzule tating'ono, usiye tamphamvu. Pakati pazilowa kadzanja kako."

Kanyerere anagwada. Anazula kamodzi. "Pepa," anatero. Anazula kena. "Pepa." Anapepesa mpaka kumapeto kwa bedi.

Ataimirira, anayang'ana bedi lonse. Bedi linali ngati mutu wometedwa. Dothi linkaoneka paliponse.

"Amayi, taonani. Ndatha kaloti wanga ndekha."

Amayi anamugwira paphewa. Nawonso ankaopa. Koma anati, "Tiye tikatunge madzi."

Kanyerere anathirira. Anapalira udzu. Anathiriranso. Masiku anapita. Masamba anatalika. Koma za pansi sankaziona.

Tsiku lina Atate anati, "Tazula mmodzi tione."

"Ndikuopa," anatero Kanyerere. "Mwina mulibe kanthu."

"Zula, tili pompano," anatero Amayi.

Kanyerere anagwira masamba. Anakoka. Kaloti anakana. Anakokanso ndi manja onse. Dothi linang'ambika. Kanyerere anagwa chagada, miyendo m'mwamba.

M'manja mwake munali kaloti. Anali wamkulu. Anali wonenepa ngati mkono wa khanda.

Kanyerere maso anangoti tong'o. Amayi kukamwa kunangoti yasa. Ngakhale Atate anavula chipewa.

"Anali pansi pomwepa nthawi yonseyi?" anafunsa Kanyerere.

"Pomwepo," anatero Atate. "Amanenepa mwakachetechete."

Kanyerere anatsegula pakamwa kuti alume.

"Iwe, tsuka kaye," anatero Amayi. "Udwala m'mimba."

Kanyerere anatsuka. Amayi anatsukanso. Atate anabenthula kalotiyo. Chidutswa cha Amayi, chidutswa cha Atate, chachikulu cha mwini bedi.

Khanda linatambasula dzanja.

"Iwe ulibe mano," anatero Kanyerere. "Ukamera mano, ndidzakuzulira wako."

Onse anaseka. Anakhala pansi m'dimba momwemo, akutafuna, khukhutu, khukhutu.