Botolo Lachiwiri Pansi pa Nyale ya Oyera

Pakhomo pa a Petraq, kumapiri a kumwera kwa Vlora, panalibe chosowa. Anali ndi mitengo ya azitona yodzaza phiri, mbuzi zingapo, ndi mbiri yabwino kutchalitchi. Akazi awo, mayi Kaliopi, sankalola tsiku kudutsa nyale ya pakona pa zithunzi za oyera mtima isanayake. M'nyumbamo munalinso agogo a Thanas, bambo awo a Petraq, nkhalamba yomwe inkakwerabe makwerero kukadulira mitengo ngati mnyamata. Agogowa ankaopa chinthu chimodzi chokha pansi pano, kusokonekera mutu. Malemu akazi awo anamwalira ataiwala ngakhale dzina la mwana wawo, ndiye iwo ankakonda kunena kuti, "Mulungu atenge miyendo ngati akuifuna, koma nzeru andisiyire."

Ndiyeno panali Sotir, mwana wa a Petraq, mdzukulu wa agogowo wa zaka khumi ndi zisanu n'zinayi, amene ankamukonda ngati diso lawo.

Kwathu kuno botolo loyamba la mafuta atsopano a azitona limapita kwa wansembe kukadalitsidwa, likabwerako limakhala pansi pa zithunzi za oyera. Ndi la nyale ndi la odwala basi, munthu wabwinobwino salikhudza. Ndipo palibe amene amalemba dzina pa botolo la mafuta. Timangothira m'mabotolo akale a madzi akumwa, onse ofanana.

Chaka chimenecho kunabwera Fatjon, mnzake wa Sotir wa kusukulu, kuchokera ku Italy. Anabwera ndi nsapato zoyera mbee, ndi manja osonyeza kuti sanagwireko ntchito.

"Iwe Sotir," anatero atamupeza akusenza nthambi, "ukalambira mumtengo limodzi ndi agogo akowo? Tabwera ulaweko moyo."

"Ngati ndi chamba, ine ayi. Amayi angandinunkhize ndikadali kumsewu."

"Wanena zosuta ndani, mbuli iwe? Za utsi n'zachikale. Iwe uli ndi mafuta, ine ndili ndi masamba. Ukadontheza pa buledi uzidyera pamaso pa abambo ako, iwo n'kumanyadira kuti mwanayu amakonda mafuta a kwawo."

A Petraq anawaona awiriwo ataimirira pamodzi. Pa chakudya chamasana sanazungulire.

"Mnzako uja wabwera ndi nsapato zokha, ntchito alibe. Chikomekome cha mkuyu, mwanawe."

"Timangocheza, bambo."

"Nawenso ukayamba kuyankha choncho ndiye kuti zayambika," anatero mayi Kaliopi.

Mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Loweruka masana Sotir anaba mafuta m'mbiya, ndipo awiriwo anakaphika chamba m'mafutamo m'khola lakale la nkhosa kuseri kwa phiri. Zimene zinatuluka zinali zobiriwira, zosayera bwino, zowawirako ndi zokanda kukhosi. Amene analawapo mafuta atsopano a azitona akudziwa kuti nawonso amakhala chimodzimodzi.

Vuto linali pobisa. Kunsi kwa bedi amayi amasesako, kukhitchini amaphikira chilichonse chomwe achipeza. Apo ndi pamene Sotir anadziona wochenjera kuposa m'mudzi monse. Anakaika botolo lake pansi pa zithunzi za oyera, pambali pa lodalitsidwa lija, poti pamenepo sipafika dzanja la munthu wabwinobwino.

Kuyambira pamenepo mnyamata anasintha. Ankaseka mbuzi popanda chifukwa. Akamutuma macheka ankabwera ndi chingwe. Masiku anayamba kumusakanikira, Lachiwiri ndi Lachisanu osazisiyanitsa.

Nyengo yodulira itafika, agogo a Thanas anayamba chifuwa. Mayi Kaliopi anapita pakona paja ndi sipuni, ndipo anadabwa.

"Bambo a Sotir, chaka chino munadalitsitsa mabotolo awiri?"

"Ngati alipo awiri ndiye kuti ndi awiri," anayankha a Petraq ali kalikiliki kunola macheka.

Mayi anatsegula lomwe linali kutsogolo. Kafungo kachilendo anakamva ndithu, koma anati ndi lubani wa pakonapo. Anawamwetsa apongozi awo sipuni yodzaza.

Pofika masana agogo anali atakhala pakhonde akuyang'anitsitsa chikhatho chawo. Anaitana bulu ndi dzina la malemu akazi awo. Anamaliza buledi wa banja lonse, kenako n'kufunsa ngati kwacha kapena kukuda. Madzulo mutu utayerako, anagwira mkono wa mpongozi wawo.

"Mwanawe, lero ndinali kuti?"

"Munali pompano, bambo. Ndi chifuwachi. Mawa ndikupatsani masipuni awiri."

Zinapita choncho sabata ziwiri. Agogo akasokonekera, mayi ankawonjezera mafuta, ndipo akawonjezera mafuta agogo ankasokonekera koposa. Mayi Kaliopi anasala kudya. A Petraq anayamba kukamba za dokotala wa mitu ku Tirana, ndipo analetsa bambo awo kuyandikira makwerero.

Nanga Sotir? Anaona ndithu kuti botolo lake likutsika msanga. Anaima pakonapo akukanda m'mutu. Kodi ndadya ndine zonsezi? Dzulo ndinadya kangati? Kapena linali dzana? Mutu wake unali phala lokhalokha, moti sanathe kulumikiza sipuni ya amayi ake ndi botolo lake. Anakafunsa Fatjon.

"Amayi ako akuthira m'nyale," anaseka Fatjon. "Aleke oyera mtima asangalaleko nawo. Bweretsa ndikudzazire."

Ndipo analidzazadi, Sotir n'kukalibwezera pamalo pomwe paja.

Tsiku lina agogo anamuitana. Anatulutsa mpeni wawo wodulira, wa chigwiriro chosalala ndi ukalamba, n'kumuika m'manja.

"Tenga ndikadakudziwa. Zija zinawagwira agogo ako aakazi zandipeza. Ndikadzakufunsa kuti ndiwe yani, usadzandikwiyire, wamva?"

Sotir anamva chisoni chachikulu, misozi inalengeza. Koma poti anali atadya buledi wake uja m'mawa, chisonicho sichinakhalitse. Patapita kanthawi anali kuseri akuseka nkhuku.

M'mawa mwake agogo anamwa masipuni atatu. Kenako mtima unawauza kuti akaonetse anthu kuti Thanas sanathe. Ananyamula makwerero mwakachetechete kupita ku mtengo waukulu wa m'mbali mwa phompho la miyala. Sotir anawaona akudutsa, ndipo anaganiza zowaletsa, koma ganizolo linasochera lisanafike pakamwa. Chimene anamva pambuyo pake ndi kugwa kwa makwerero ndi kukuwa kwa amayi ake.

Kuchipatala ku Vlora anati fupa la m'chiuno laphwanyika. Dokotala atayeza zonse anabwera ndi nkhope yodabwa.

"Pepani, ndifunse. Agogowa amasuta chamba?"

Mayi Kaliopi anachita chizindikiro cha mtanda. "Adokotala, mukutitukwana? Munthuyu ngakhale fodya sagwira. Amangomwa mafuta odalitsidwa, ndimawapatsa ndekha."

"Mafuta ake ati?" anafunsa a Petraq. "Ine ndinapititsa botolo limodzi kwa wansembe."

"Si munati awiri?"

"Unati awiri ndiwe!"

Apo ndi pamene chifunga chinachoka m'mutu mwa Sotir, nthawi imodzi, ndipo analakalaka chikanakhalabe. Anagwada pambali pa bedi la agogo ake n'kuulula zonse, za khola la nkhosa, za kuba mafuta, za kudzaza botolo kachiwiri. Amayi ake anayang'ana dzanja lawo lomwe linkagwira sipuni, n'kuyamba kulira. A Petraq anatuluka panja.

Agogo a Thanas anatembenukira kwa mdzukulu wawo.

"Ndiye mutu wangawu uli bwino?"

"Uli bwino, agogo."

"Sindidzakuiwalani?"

"Ayi, agogo."

Nkhalamba inatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu. Kenako inati, "Ndinauza Mulungu kuti atenge miyendo andisiyire nzeru. Sindinadziwe kuti wodzatenga miyendoyo ndiwe."

A Thanas sanakwerenso mtengo, ngakhale kuyenda okha kufika pakhonde. Fatjon anabwerera ku Italy osatsanzika. Sotir anakalapa kwa wansembe, chamba sanachigwirenso, ndipo lero ndi amene amawanyamula agogo ake kuwaika padzuwa asanapite kukadulira mitengo yawo ndi mpeni wawo uja. Agogo anamukhululukira ndithu. Koma m'mawa uliwonse akawabweretsera sipuni ya mafuta, agogo amaikankhira kwa iye kaye.

"Yamba ndiwe."

Ndipo Sotir amalawa, n'kudikira, agogo ake akumuyang'ana.

Anyamata ndi atsikana, amati choipa chitsata mwini, ndipo n'zoona. Koma chisanamupeze mwiniyo chimayamba chadutsa mwa amene amamukonda. Chamba ndi chamba, kaya chili mu utsi kaya mu mafuta. Chimene mukuchibisa m'nyumba ya makolo anu, dziwani kuti tsiku lina adzachimeza ndi munthu wosalakwa.