Mfiti Yonyambita Nkhope

"Sunthani, sunthani, akudutsa oyera!" Umu ndi mmene ankayankhulira Alandilodi, mayi mwini nyumba za lendi, mawu otulukira m'mphuno, khosi njo ngati ameza ndodo, chiuno uku gwede, uko gwede. Nkhope inali mbee ngati chidole cha m'sitolo, koma zigongono bii ngati kunsi kwa poto. Madzulo aliwonse akamanula zovala pachingwe, ankaitana amayi ochita lendi pamalopo n'kuwagulitsa timabotolo ta mafuta oyeretsa khungu.

"Akunja awa, asisi. Anakwera ndege, pomwe inu simunaionepo n'komwe pafupi."

Zoopsa zinayamba m'nyengo yotentha. Dzuwa likangolowa, kuseri kwa nyumba kunkamveka kwee, kwee, kwee, ngati wina akupala fupa. Kenako kunkabwera fungo loboola mphuno, ngati tsitsi lopserera, agalu n'kuyamba kulira. Tsiku lina mkazi wa telala anadzuka ndi banga lakuda patsaya, lalitali, losongoka kunsonga.

"Bambo a mwana, taonani apa!"

"Mayo! Limeneli ndi lilime."

"La ndani?"

"Tsitsa mawu. Makoma ali ndi makutu."

Pasanathe mwezi, amayi asanu ndi awiri anali atanyambitidwa. Wina masaya anatupa, wina chipumi chinang'aluka ngati dothi la m'chilimwe. Anatseka mawindo, anagona atafunda mpaka kumutu, ndipo pofuna kubisa mabanga, anagula timabotolo tambiri kuposa kale. Nzeru zimenezo!

Mwa amayi onse ochita lendi panatsala nkhope imodzi yosalala, ya Wochapa, mayi wamasiye wa chipinda chakumapeto. Ndalama ya mafuta akanaitenga kuti? Iye ankangodzola thovu la sopo wa eni zovala zomwe ankachapa. Koma Alandilodi analoza chitseko chake ndi mlomo.

"Inu simudabwa? Anzake akusupuka, iye akunyezimira. Khungu lanulo akuvala ndani?"

Basi, ntchito yochapa inatha. Ana ankathawa akamuona, ndipo Alandilodi anamupatsa mpaka Loweruka kuti asamuke. Anamanga katundu wake m'nsalu imodzi n'kukhala pakhomo, kopita alibe.

Lachinayi m'mawa kunamveka kukuwa m'bafa mwa Alandilodi. Mwana wawo wamkazi, namwali wa kusekondale, anapukuta kumaso, khungu la patsaya n'kutsalira pathaulo, lopyapyala ngati pepala lonyowa. Mayi ake sankalola kuti akhudze timabotolo tija. Iye anali akuba kamodzikamodzi kwa milungu itatu.

Alandilodi anathamangira naye kwa dokotala wa khungu, kuchipatala cholipira, chija cha chitseko chagalasi ndi mphepo yozizira ngati mosungira mitembo. Mkazi wa telala anapita nawo, telala ali pambuyo atanyamula zikwama. Pawindo lolipirira anawauza kuti kungoonana ndi dokotala ndi ndalama yofanana ndi lendi ya mwezi wathunthu. Alandilodi anagwira pamtima.

"Kungoona? Maso akewo ndi agolide?"

Ananenerera mpaka mlembi anatopa n'kulola kuti odwala awiriwo alowe limodzi. Kukonda zotchipa kumeneko n'kumene kunawalowetsera mboni m'chipinda.

Dokotala anayatsa kanyali, anasuzumira masaya onse awiri, ananunkhiza n'kukwinya mphuno.

"Atinyambita, adokotala," anatero mkazi wa telala. "Mfiti yake tikuidziwa. Loweruka ikuchoka."

"Za malilime sindinaphunzire, mayi. Ine ndikuona khungu lopsa ndi mankhwala. Mumadzola chiyani?"

"Akunja!" analumphira Alandilodi. "Anakwera ndege."

"Chabwino. Njira zilipo. Pali mafuta oziziritsa ndi mapiritsi, lendi imodzi pamwezi. Pali makina a kuwala ochotsa mabanga, lendi zitatu ulendo uliwonse, ndipo amadikira kuti zilonda zipole kaye. Koma sindiyamba chilichonse ndisanadziwe chomwe chili m'botolomo. Ndikalakwitsa, mtsikanayu akhala ndi zipsera mpaka kalekale. Tilitumiza kokayeza. Lendi zisanu."

"Zingati?"

"Zisanu. Pokhapokha wina atandiuza zomwe zilimo. Kunena n'kwaulere."

Mtsikana ankalira mosatulutsa mawu, misozi ikuwawa pabala. Mayi ake sanamuyang'ane. Sanaganizenso za Wochapa ndi kamtolo kake. Milomo yawo inkagwedera, zala zikupindika powerenga lendi zija: imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Chala chachisanu chinakana kupindika.

Khosi lija linafota. Mawu anachoka m'mphuno n'kutulukira pakamwa ngati a munthu wamba.

"Palibe ndege, adokotala. Ndimasakaniza ndekha m'beseni kuseri kwa nyumba, ndi supuni. Mankhwala owongolera tsitsi, ndi otsukira chimbudzi pang'ono chabe. Wochapa uja sadziwa kanthu. Ndiye zisanu zija mwachotsa, eti?"