Chipolopolo m'nthutumba ya nkhuku

Dzuwa likulowa, Masozi ankatumbula nkhuku yomwe inafa yokha kuseri kwa khitchini. Mpeni unagunda kanthu kolimba m'nthutumba. Kanali kachipolopolo kotuwa, kophwanyika mutu.

"Bambo a Tawina, tabwerani muone!"

Efulemu, mwamuna wake, anakatembenuza m'dzanja. "Iyi yachita kuwomberedwa. Nanga bala lili pati?"

Bala panalibe.

Mudzi wathu uli pakati pa Mitundu ndi Nathenje, m'munsi mwa chulu chachikulu chomwe alonda a kampani ina ankaphunzirirapo kuwombera. Atachoka, amayi anayamba kutapa dothi pamenepo. Linali losalala, lozirira bwino nyumba, chiswe sichinkaliyandikira. Oyembekezera ankachita kulidya. Pachulupo sipamera bowa, ukakumba supeza nyongolotsi, masamba amangouma osawola. Ife tinkati ndi dothi laukhondo.

Nkhuku zinatha. Kenako amayi anayamba kupita padera. Ana ankagwira m'mimba, ndipo ukamadutsa panja unkamva mano akukukutika m'nyumba. Tawina, mwana wa Masozi, anaphiriphitha pamphasa mpaka kuuma, usinini uli bii.

Manong'onong'o anayenda pachitsime: wina ali ndi mfuti ya ufiti, yosalira, yosasiya bala. Ndipo ndani ankadziwa mfuti kuposa a Abednego, nkhalamba yomwe inkasesa powombererapo?

Pochokera kumanda tinawapeza pakhonde akukhomera khasu.

"Mwadya mwana wanga, madala!" anakuwa Efulemu.

"Mwanawe, ndi mtovu, chitsulo chachiphe cha m'zipolopolo. Zipolopolo zija zinasungunukira m'dothi. Kodi sindinanene kuti wotapa pachulu adzalira?"

"Mwamva? Avomera okha!" anatero Efulemu.

Njerwa yoyamba inawaswa nsagwada. Efulemu anawalanda khasu n'kuwatema nalo pamutu, kawirinso atagwa kale. Mulungu atikhululukire, palibe amene anamugwira mkono. Tinawakhwekhwereza mpaka pachulu, magazi akulemba mzere m'njira, n'kuwakankhira dothi.

Tsono amayi anaziranso nyumba zonse kuti achotse minyama. Dothi anakatapa pomwepo.

Mvula yoyamba itakokolola chulu, mtembo unaonekera. Unali wouma gwaa, wopanda mphutsi, wopanda fungo, kukamwa kuli yasa. Tonse tinati eya, mfiti siwola.

Tili chiimire, kumudzi kunamveka mfuu. Anali Felesiya, mlongo wake wa Efulemu, akuthamanga ndi khanda lotembenuza maso, thovu kukamwa.

Efulemu analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti analipo awiri," anatero motsitsa mawu.

Anawerama n'kutola mwala. Kutsidya kwa njira, mkazi wa a Abednego ankasesa pabwalo pake.